Zimene tasankha pa mankhwala a nyamakazi ya amayi

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati amayi, omwe akudwala nyamakazi yobwera limodzi ndi matenda a khungu a psoriasis, angasiye mapiritsi a methotrexate n'kuyamba jakisoni, popeza ankadandaula nseru. Tabwerako kwa dokotala ku Lilongwe, ndipo maganizo anga asintha.

Ine ndinkaona ngati mankhwala olandira patalipatali ndiwo angawapepukire. Adokotala anafotokoza kuti jakisoni wotchedwa adalimumab amabayidwa pansi pa khungu kamodzi pa masabata awiri alionse, koma amafunika kusungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, pomwe kwathu kuno ku Salima firiji tilibe, ndipo kutentha kwa Okutobala nonse mukukudziwa. Mankhwala ena otchedwa infliximab amaperekedwa kudzera mudiripi pa masabata 8 alionse, kutanthauza ulendo wa minibasi umene mawondo otupawo sangaupirire. Onsewa ndi odula, komanso munthu amayamba wayezedwa TB.

Atafunsidwa zimene iwo akufuna, amayi anayang'ana zala zawo zotupa, zomwe masiku ano zimalephera kumanga chitenje, n'kunena kuti: “Mwanawe, bola ndizimwera pakhomo panga.” Zinandikhudza kuti mwezi wonsewu ndinali ndisanawafunse eni akewo.

Choncho akupitiriza methotrexate kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse chifukwa kutero n'koopsa, ndipo tsopano amamwa Lachisanu usiku akatha kudya nsima, pomwe folic acid, vitamini wochepetsa zovuta za methotrexate, amamwa tsiku lina. Nseru yachepa. Mwezi wamawa akayezetsanso magazi kuti adokotala aone mmene chiwindi chikugwirira ntchito.