Kupita ndi ana kukaona nyanja yamchere: ku Beira kapena ku Vilankulo?

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:

Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo kunyanja yamchere. Ine ndi mayi akunyumba takhala tikusunga ndalama pang'onopang'ono kuti pa tchuthi cha Disembala tipite kumeneko ndi ana athu atatu, wamkulu wa zaka 12 ndipo wotsiriza wa zaka 4, pamodzi ndi agogo awo amene madzi ambiri amene anawaonapo ndi a Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ku Tete. Ena akuti tingopita ku Beira, koma ena akuti kumeneko madzi ake ndi amatope, ndipo wofuna kuona nyanja yokongola afike ku Vilankulo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kutalika kwa ulendo komanso moyo wa anawa, popeza palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira.

Dalaivala wa ku Moatize:

Aphunzitsi, msewu umenewu ndimauyenda pafupipafupi. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Changara, Guro, Catandica ndi Chimoio, ndipo inu muwonjezerepo mtunda wochokera kwanu ku Angónia. Kuti mufike ku Vilankulo muyenera kukhota pa Inchope, kutsata msewu waukulu wa EN1 kulowera kumwera, kudutsa Muxúnguè mpaka kuwoloka mtsinje wa Save, ndipo limenelo ndi tsiku linanso lathunthu mu basi. Kwa agogo ndi mwana wa zaka 4, m'nyengo yotentha chotere, ine sindingavomereze. Mugone ku Chimoio, kumene kumazizirirako ngati kwanu, kuti mulowe mu Beira dzuwa lili pamutu. Mukafunsenso pa siteshoni ya Moatize za masiku a sitima yapamtunda yopita ku Beira, chifukwa imawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, umene kutalika kwake ndi kopitirira makilomita atatu, ndipo ana sangauiwale.

Mayi wa ku Dómuè wokhala ku Beira:

Zoti madzi a kuno ndi amatope ndi zoona, bambo, pakuti mitsinje ya Púnguè ndi Búzi imathira m'nyanja pafupi ndi mzindawu. Komabe kugombe la Macúti, pamene pali nsanja ya nyali yotsogolera sitima zapamadzi ndi chigoba cha sitima yakale chimene chinatsalira pamchenga, mabanja amadzaza Lamlungu lililonse, ndipo ana amasewera mpaka madzulo.

Chimene ndikufuna kuti muchimvetse bwino ndi khalidwe la nyanjayi, chifukwa ife anthu a kumtunda tinazolowera mtsinje umene malire ake sasuntha pa tsiku. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri tsiku lililonse, ndipo kuno ku Beira, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amakwera mamita okwana sikisi kuchokera pamene anaphwera. Mchemwali wanga atabwera ndi ana ake, tinayala chitenje pamchenga wouma, tinaikapo mpunga ndi nsomba zokazinga, ndipo anawo anathamangira kutali kukatola zigoba za nkhono poona kuti madzi athawa. Tisanamalize n'kudya komwe, ndinaona kamtsinje kakuyenda kumbuyo kwawo, pakati pa iwo ndi ife. Madzi sanabwerere kutsogolo kwawo kumene ankayang'ana, koma anazungulira m'makwawa a mchenga. Msodzi wina amene ankasoka ukonde pafupi ndi ife anautaya pansi n'kuthamanga, ndipo anabwera atanyamula wamng'onoyo paphewa, madzi akumulekeza m'chiuno. Nsapato za mwanayo zinapita.

Choncho mukafika, choyamba mufunse asodzi nthawi imene madzi ayambe kudzaza, ndipo munthu wamkulu mmodzi akhale chiimire pafupi ndi ana, osagwira foni. Muwauzenso agogo kuti asamwetse mwana madziwo, ngakhale kungolawitsa kokha sikulakwa. Neti yoteteza udzudzu mubwere nayo yanu, popeza malo ena ogona alendo alibe, ndipo ana okulira kozizira ngati ku Ulongwe malungo a kuno amawagwira msanga.

Namwino wa mumzinda wa Tete:

Ndikugwirizana ndi amayiwa pa zonse, koma musaitaye Vilankulo. Madzi ake ndi oyera moti mumaona mapazi anu pansi, ndipo ngalawa za matanga zimatengera anthu ku zilumba za Magaruque, Benguerra ndi Bazaruto, zimene boma linayamba kuziteteza mu 1971. Vuto langa lili pa mwezi umene mwasankha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe, ndipo tonse tikukumbukira zimene Idai anachita ku Beira mu Malichi 2019, komanso kuti Freddy anatulukira pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023. Ulendo wa kumeneko muusungire miyezi ya Juni kapena Julayi, pamene kulibe mvula ndipo kutentha kumachepa. Mukadzapita, musadzalole kuti mwana akwere ngalawa asanavale jekete yoyandamitsa, ngakhale mwini ngalawayo anene kuti nyanja yagona.

Mphunzitsi wa ku Ulongwe:

Ndathokoza kwambiri nonsenu. Takambirana kunyumba, ndipo tagwirizana kuti chaka chino tipite ku Beira sukulu zikangotsekera, tikagone ku Chimoio monga momwe adalaivala anenera, ndipo tizimvetsera zanyengo pa wailesi tisananyamuke. Nkhani ya ana a mchemwali wanu, amayi, ndawawerengera ana anga onse atatu. Ngati n'kotheka, mundiuzeko dera limene banja la anthu asanu ndi mmodzi lingapeze malo ogona otsika mtengo kufupi ndi Macúti, makamaka kumene angatilole kuphika tokha, chifukwa agogo sagona osadya nsima.