Za K3,000 ya m'bokosi, tisanagawane

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndalemba pano chifukwa Lachinayi pansi pa mango paja ife a gulu losunga ndi kukongozana ndalama tinabalalika osamvana. M'buku muli motere. Amayi a zitenje anatenga K3,000 mu Seputembala, pa lamulo lathu la K10 pa K100 iliyonse pamwezi. Mu Okutobala anabweretsa K300, basi. Lero nkhongole yafika K3,600, masheya awo, ndalama imene anasunga m'gulu, ndi K1,200. Kugawana kwatsala masabata awiri. Titani?

Amayi a zitenje: Sindikukana ayi. Ndalama ndinatenga, chala ndinadinda. Ndikungopempha mundidikire mpaka Janyuwale.

Wa kiyi yachiwiri: Asisi, nenani kaye komwe ndalama inapita. Munatiuza kuti mukukaoda zitenje kuti mudzagulitse ku msika wa Kapata. Ine ndimadutsa pa benchi lanu tsiku lililonse, zitenje zake ndi zomwe zija za mu Ogasiti, zina zayamba kufwifwa ndi dzuwa.

Amayi a zitenje: Ndinapatsa alamu anga. Amagula soya ndi shawa kumidzi. Anati abweza mwezi ukatha.

Msungichuma: Munawapatsa chabe kapena pa kaloba?

Amayi a zitenje: Tinagwirizana kuti abweza K4,500.

Msungichuma: Mwamva? Ndalama ya gulu mwaitenga pa K10, mwakaikongoza kunja pa K50, phindu n'kulowa m'thumba lanu nokha. Zikanayenda sitikanadziwa n'komwe. Zakanika, mwati tisenze tonse. Ili ndi dyera, palibe dzina lina.

Amayi a dimba: Ine sindimalankhula kawirikawiri, koma lero mundilole. Mu Okutobala ndinapempha K400 yokha yoti ndilipire FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu. Bokosi litatsegulidwa munali K150. Ndinaiona ndi maso anga, mapepala atatu a K50 m'mbale yobiriwira ija timawerengera. Ndinayenda khomo ndi khomo, tsiku lolipira linandipitirira. Chimanga changa ndabzala opanda feteleza wa D kompaundi, masamba ayamba kale chikasu. Chilala cha 2024 chija ndinagulitsa mbuzi zonse kuti ana adye, abambo awo kulibe, mukudziwa. Ndinalowa gulu kuti zoterezi zisadzandionekerenso.

Wapampando: Pepani amayi. Zimenezo zinatipweteka tonse tsiku lija.

Amayi a zitenje: Ndalakwa, koma musandiyese ndine ndekha wadyera muno. Amayi Msungichuma, masheya anu ndi K6,000. Chiyambire Janyuwale mwakongolapo kangati? Olo kamodzi. Ife osauka ndife timakongola, timatuluka thukuta kubweza chiwongoladzanja, pogawana inu ndinu mumanyamula gawo lalikulu. Titapempha kuti titsitse chifike pa K5 ndani anakana? Ndiye wanga ndi kaloba, wanu ndi chiyani?

Msungichuma: Yanga ili m'malamulo. Ndinasunga poyera, aliyense akuona. Popanda K6,000 yangayo mukanaitenga kuti K3,000?

Wa kiyi yachiwiri: Apa asisi a zitenje anenapo zoona pang'ono, ngakhale sizikuwachotsera mlandu. Tilipo 18, koma okongola chaka chino ndi 11. Enawo amangodikira Disembala.

Aphunzitsi: Ndiloleni ndiikepo mawu, ine amene ndinatha zaka ndikuphunzitsa ana nthano m'kalasi. Mukukumbukira ya chitsime? Kunagwa chilala, nyama zonse zinagwirizana kukumba, Kalulu anakana. Madzi atatuluka ankabwera usiku ndi chikho cha uchi, n'kumunyengerera mlonda kuti alawe, koma ayambe wamumanga. Akamumanga amatunga, kusamba, kuvundula madzi, n'kumapita. Mpaka Kamba ndiye anamugwira. Chimene ndinaona zaka zonsezo n'chakuti ana ankawombera m'manja Kalulu. Palibe mwana anandifunsapo kuti nanga Njovu amene anakumba anamwa chiyani m'mawa mwake. Koma ndikawauza ya Fisi amene anamva fungo la nyama njira ziwiri, mwendo uku mwendo uku mpaka kung'ambika pa mphambano, onse ankati wachita bwino, wadyera. Mtima wa Kalulu ndi wa Fisi ndi umodzi. Tinkasiyanitsa chifukwa wina anachenjera, wina anagwa. Alamu aja akanabweza K4,500, ena muno bwenzi tikuti asisi athu ndi ochangamuka pa bizinesi, mwina n'kufunsa kuti nafenso tingachite bwanji. Ndikunena ndi ine ndemwe. Tsiku lija la K400 ndinali ndi K500 m'foni, ya yunifolomu ya mdzukulu. Ndikanatha kubwereka amayi a dimba masabata awiri. Ndinangoyang'ana pansi.

Amayi a dimba: Aphunzitsi, sindinadziwe.

Aphunzitsi: N'chifukwa chake ndanena.

Msungichuma: Nthano ndi zabwino aphunzitsi, koma m'bokosi mukusowa K2,400 tikachotsa masheya awo. Anthu akufuna kugula yuriya, ana akubwerera kusukulu Janyuwale. Malamulo athu akuti wolephera kubweza timatenga chikole. Analembetsa makina osokera. Tiyeni tikatenge.

Agogo: Mwanangu, makina aja ndiwo amadyetsa ana anayi. Mukawatenga mwatenga khasu, ndiye K2,400 adzailima ndi chiyani? Ine ndaona zilimba zambiri zikutha chifukwa cha kulandana katundu, anthu mpaka osalonjerana pa maliro. Koma iwe mwana wa zitenje, undimvere. Ku tchalitchi timawerenga za Hananiya ndi Safira. Munda unali wawo, ndalama zinali zawo, Petro anawauza choncho. Chinawapha ndi bodza pamaso pa anzawo. Iwe ukanabwera n'kunena kuti amayi, alamu akufuna mpamba, tikanakana kapena kuvomera, koma tikanadziwa. Unatiuza za zitenje.

Amayi a zitenje: Agogo, ndamva. Ndinanama chifukwa ndinkadziwa kuti mukana. Ndipo tsiku limene amayi a dimba ankapempha, K300 ina ndinali nayo pa mfundo ya chitenje, ndinkasungira mwezi wotsatira. Ndikanaiponya m'mbale muja ikanakwana K450. Ndinaimva ikundiwotcha m'chiuno koma sindinaimasule. Kenako inathera ku chigayo ndi sopo.

Amayi a dimba: Ine makina anu sindikuwafuna asisi. Ndinkafuna mawu amenewo. Feteleza wapita basi.

Wa kiyi yachiwiri: Sanapite yense. Yuriya nthawi yake ikadalipo ngati tichita changu. Thumba la mavuto lili ndi zingati?

Mlembi: K620. Koma tinalemba kuti ndi la maliro ndi matenda.

Agogo: Njala ya mu Febuluwale si matenda?

Msungichuma: Thumba la maliro tisalikhudze, mawa kugwa zovuta tidzasowa pogwira. Thumba limodzi la yuriya ndigula ine, amayi a dimba adzandibwezera akakolola, popanda chiwongoladzanja. Koma za K2,400 sindikusintha. Ndipo zoti ine ndi kaloba mundipepese.

Amayi a zitenje: Pa mawu a kaloba ndapepesa. Pa nkhani ya osakongola sindibweza mawu.

Wapampando: Chabwino, ndamva mbali zonse. Ndikuika izi kuti tidzavote ndi manja Lachinayi. Masheya a K1,200 alowe ku nkhongole. Amayi a zitenje abwere ndi alamu awowo pamaso pa gulu, adzanene okha tsiku lobweza, alembe ndi kusaina. Akakana kubwera tipita nawo kwa anduna a mfumu. Makina akhale kunyumba kwawo akusoka, koma asagulitsidwe mpaka K2,400 itakwana. Pogawana aliyense alandira mopereweza pang'ono, yotsalayo tidzagawana ikabwera. Za anthu osunga osakongola, ndi za kutsitsa chiwongoladzanja, tikambirana tisanatsegule buku latsopano, ndipo amayi Msungichuma mudzalankhule poyamba.

Amayi a zitenje: Ndili ndi mbuzi ziwiri kwa amayi anga ku Katete. Ndiwaimbira usiku uno. Ikagulidwa imodzi ndibweretsa ndalamayo Lachinayi lomwelo.

Mlembi: Ndalemba. Osunga makiyi nonse atatu mufike 14 koloko isanakwane, sabata yatha tinadikira kiyi imodzi ola lathunthu. Kukagwa mvula tikumana pakhonde pa agogo.