Gulu la banja: alamu ali pa diripi

Limbani: Abale, mayi akunyumba achira usiku, mwana wamkazi. Khanda lili bwino koma iwo ataya magazi ambiri, BP inatsikiratu. Pano ali pa diripi.

Azakhali: Mulungu atigwire dzanja. Koma munthu wataya magazi, iwo akumuthira madzi?

Malume: Funso langa ndi lomwelo. Chikondi, ntchito yako iyi, tiyankhe.

Chikondi: Ndabwera amalume. Achimwene, tawerengani zomwe zalembedwa pa botolo apachikalo.

Limbani: Ringer's Lactate. Loyamba linali Normal Saline 0.9%.

Chikondi: Achita bwino. Saline ndi madzi a mchere basi, magalamu 9 pa lita. Ringer's ili ndi mchere, potaziyamu, kashiamu ndi lactate, ndiye imayandikira kwambiri madzi a m'magazi mwathu. Mitsempha ikaphwa mtima umasowa chopopa, impso zimayamba kufooka. Madziwa amadzaza mitsempha msangamsanga uku akuyeza gulu la magazi.

Mphatso: Bwanji osawaika ya shuga ija? Akuti imabwezera mphamvu.

Chikondi: Dextrose 5%? Ayi mng'ono wanga. Thupi likangodya shugayo madzi amathawira m'maselo, m'mitsempha simutsala kanthu kwenikweni. Ngakhale Ringer's yomweyi, pakapita nthawi pang'ono zotsala m'mitsempha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi.

Malume: Ndinamva kuti iliponso yokhuthala yomwe imakhalitsa.

Chikondi: Ilipo, albumin ndi gelatin. Ya starch inapezeka kuti imawononga impso, ambiri anaisiya. Koma zonsezi palibe yonyamula okosijeni. Imeneyo ndi ntchito ya magazi okha. Achimwene, Hb, ndiye kuti mlingo wa chonyamula okosijeni m'magazi, akuti ili pati?

Limbani: 6.2. Adokotala akuti pafunika matumba awiri, limodzi lapezeka.

Chikondi: Ikatsika pansi pa 7 nthawi zambiri amaika magazi. Ndiye tisangopemphera pa foni, tikapereke. Amatenga pafupifupi 450ml, ndipo gulu lililonse la magazi likathandiza kubwezera m'nkhokwe ya chipatala.

Mphatso: Ine jakisoni amandiopsa 😭

Malume: Iwe ndi ine tinyamukira limodzi mawa m'mawa, mantha ukawasiye pakhomo.

Azakhali: Ine ndikagona nawo kuchipatala usiku uno. Limbani akapumeko.

Chikondi: Zikomo azakhali. Chonde musakhudze kotsegulira diripi ngakhale ikuoneka ngati ikuchedwa. Mukaona dzanja likutupa, akupuma movutika, akutayanso magazi kapena sakukodza, itanani anamwino pompopompo.

Azakhali: Ndamva mwanawe. Limbani, ali wodi iti?