Prototype yadutsa kwa mabwana, koma ma teller aikana

Wa UI (wokonza maonekedwe a sikirini), Blantyre:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tikukonzanso sikirini ya ma teller yolandirira ndalama pa kauntala, banki sinditchula. Prototype (chitsanzo choyesera) ndinapanga mu Figma, pulogalamu yojambulira masikirini, mabwana anaombera m'manja. Dzulo tapita nayo ku nthambi, mayi wina amene wakhala pa kauntala zaka zambiri wangoigwira mphindi ziwiri n'kuti, "Mwana wanga, mbewa ya kompyutayi ndiigwira ndi dzanja liti? Lamanzere lili pa ndalama, lamanja pa manambala." Ndasowa poyambira. Sprint, nthawi yomwe tapatsidwa pa gawo la ntchitoli, ikutha Lachisanu.

Wa frontend (wolemba code ya sikirini), Lilongwe:
Achimwene, vuto si mayiwo ayi. Figma imaonetsa maonekedwe, koma simungalembe manambala m'bokosi ngati pa sisitimu yeniyeni, ndiye liwiro la teller simungaliyeze. Ngati ma component anu (tizigawo ta sikirini) ali kale mu Storybook, pulogalamu yosungira ndi kuyesera tizigawoto, lumikizani sikiriniyo ndi code, tsiku limodzi lakwana. Muone kuti batani la Tab likudumpha bwanji kuchoka pa bokosi lina kupita pa lina: nambala ya akaunti, ndalama, chiwerengero cha ma noti, Enter. Ikapita kaye pa batani la Cancel, mwalakwitsa.

Yemwe anakhalapo teller:
Apo pa ma noti ndiimepo pang'ono. Pamene K5,000 inatuluka mu 2022, ife tinakhala masabata tikuilemba pa kapepala pambali, chifukwa wina anakhomerera mndandanda wa ma noti mu code, mzere womaliza K2,000. Madzulo pobalansa till umachita kutuluka thukuta. Chonde mndandandawo uzichokera ku config (fayilo yosinthika popanda kulembanso code), osati mu component.

Chinanso, kodi mwayesa ndalama zingati m'bokosilo? Anthu a design mumakonda kulemba K10,000.00 chifukwa imakhala bwino pa chithunzi. Bwerani nyengo ya fodya, kapena muone wamalonda wa ku Limbe akusungitsa za sabata yonse. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023, mamiliyoni pa kauntala ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Bokosi likadula ziro mmodzi kumapeto, amene amaitanidwa ku ofesi ndi teller, osati inu.

Wa UI, Blantyre:
Mwandigwira pakhosi, achemwali. Ndayesa K125,450,000.00 pa monitor ya ku nthambi ya 1366x768, ma tambala abisika.

Wa frontend, Lilongwe:
Ndiye musakonze sikirini imodzi yokha. Pangani component imodzi ya ndalama mu design system (tizigawo togwiritsidwa ntchito pa masikirini onse): manambala atsamire kumanja, tabular-nums (manambala ofanana m'lifupi) kuti mizere ilingane, makoma azilowa okha polemba, m'lifupi mokwana mabiliyoni. Sikirini ya supervisor wovomereza igwiritsenso yomweyo, kuti maker (wolowetsa) ndi checker (wovomereza) aziona chinthu chimodzi. Ndipo kamtundu kotuwa kaja mumakakonda pa ma label, pa monitor yakale yowombedwa ndi dzuwa la pa windo sikaoneka. WCAG, malangizo okonzera masikirini kuti aliyense azitha kuwagwiritsa ntchito, imafuna kuti kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi mtundu wa kumbuyo kwake kukhale 4.5:1.

Wa compliance (woonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa):
Ndangodutsa, koma ndimve: poyesapo musakoke maakaunti enieni a makasitomala ku core banking (sisitimu yaikulu ya banki) n'kuwaika mu prototype. Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ilipo. Pekani maina ndi manambala, koma akhale aatali ngati enieni.

Wa UI, Blantyre:
Zamveka, akuluakulu. Ndapempha manejala wa nthambi kuti tibwerenso Lachinayi 7 koloko, zitseko asanatsegule. Mayi aja ati abwera ndi mtolo wa mapepala odulidwa ngati ma noti, awerenge uku akulemba. Mbewa ndiisiya mu galimoto.