Thandizeni, matsenga a mlamu wanga akupha gemu yathu

Membala wobisa dzina: Abale anga, ndithandizeni. Loweruka lililonse timakumana kwathu ku Mufakose, ku Harare, kusewera gemu ya patebulo yonga Dungeons & Dragons, koma dziko lake ndinapeka ndekha, la mafumu, afisi ndi asing'anga. Vuto ndi mlamu wanga. M'gemumo iye ndiye sing'anga, ndiye zikangovuta amati "ndakwera lichero", nkhondo yathera pomwepo. Chilombo chimene ndinachikonza masiku atatu anachigoneka ndi mawu awiri. Munthu yemweyu sasonkha ya kombi ya anzathu ochokera ku Highfield, ndiwo amamaliza ndi iye, ndipo dayisi yanga ya mbali 20 yochokera ku Joni inasowa tsiku limene anagona kwathu. Sindikuti anaba. Magetsi akathima, kandulo ndimagulanso ine. Nditani kuti matsenga asamapose mkondo?

Mkulu wa Madayisi: Achimwene, munalakwitsa poyambira penipeni. D&D inatuluka mu 1974, ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo wamatsenga wa mmenemo ankaloweza matsenga owerengeka; akagwiritsa ntchito amodzi, amenewo apita mpaka tsiku lina. Ya 2014 ili ndi ma spell slot, malire a matsenga amene munthu angachite asanapume. Inu mwampatsa munthu nkhokwe yopanda chitseko, mukudabwa chiyani?

Nachisale wa ku Mbare: Nkhani apa ndi mlamuyo. Wanga anabwereka mbaula chaka chatha, mpaka lero akuti ikubwera.

Mnyamata wa Bawo: Kodi akamakwera licherolo amaponya dayisi kapena amangonena? Nanga mumasewera angati?

Gogo wa Epworth: Zaufiti m'nyumba muli ana? Makolo anu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, inu mukuulutsa malichero patebulo.

Mkulu wa Madayisi: Agogo, ndi pepala ndi pensulo basi, palibe amene wauluka. Ndipitirize. Gemu ya Ars Magica ya 1987 imalumikiza mawu awiri a Chilatini, chochita ndi chinthu: Creo Ignem, kulenga moto. Mu gemu ya Call of Cthulhu ya 1981 matsenga amakudya nzeru, ukachulutsa umapenga. Werengani kaye musanapeke zanu.

Nachisale wa ku Mbare: Chilatini ku Mufakose? Bambo inu mumatopetsa.

Mphunzitsi Wopuma: Musapite kutali, mwanawe. Kwathu mankhwala sagwira popanda chizimba, ndipo amabwera ndi choletsa. Lichero liuluke usiku wokha, chizimba chake chikhale chosowa, monga ubweya wa fisi woti akausake yekha m'nkhaniyo. Akaswa choletsa, agwe kumene kwamuchera, anthu amupeze ali mbulanda. Mupatseni zitsekerero za mabotolo zisanu, akachita matsenga abweze chimodzi.

Mkulu wa Madayisi: Zitsekererozo ndi ma spell point, si zatsopano ayi. Komanso zisanu zachuluka, ine anga ndimawapatsa zitatu. Wina anakwiya n'kusiya kubwera, gemu inakoma.

Mnyamata wa Bawo: Funso langa lija palibe wayankha. Amaponya dayisi?

Membala wobisa dzina: Zikomo aphunzitsi, za fisizo ndazikonda. Koma akazi anga akuti ndikamuchepetsera mphamvu mchimwene wawo, tizikasewerera panja. Kandulo ya dzulonso sanabweze.

Sing'anga wa Lichero: Alamu, ndili pagulu pano. Dayisi yanu ili m'thumba la jekete lanu la kutchalitchi.