Kodi ndikonzetse zida zakale zodumphira m'ndege, kapena ndidikire kaye?

Wa ku Joni

Moni nonse akuluakulu. Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikudumpha m'ndege ndi parachuti ku Carletonville, moti ndafika pa maulendo 60, onsewo ndi zida zobwereka. Mnzanga wina amene anasiya masewerawa akufuna kundigulitsa zida zake pamtengo wotsika kwambiri. Chikwama chosungiramo maparachuti ndi malamba ake zinasokedwa mu 1996, rizevu (parachuti yachiwiri ya pangozi) ndi ya chaka chomwecho, parachuti yaikulu ndi ya nsalu ya F-111 ya masikweya fiti 210, ndipo muli AAD (kachipangizo kotsegula rizevu pakokha) ya mtundu wa CYPRES yoyamba ija ya mu 1999. Pilot chute, kaparachuti kakang'ono kokoka parachuti yaikulu, imakhala m'kathumba ka palamba wa mwendo, ndipo zovindikira ma riser (malamba olumikiza zingwe za parachuti ndi malamba a m'thupi) n'za Velcro, yomwe nditaikoka ndi chala chimodzi inangomasuka osalira n'komwe. Chonde ndithandizeni nzeru: ndiyambe kusintha chiyani, ndipo kodi ndalama yokonzetsera siidzaposa mtengo wa zida zabwinopo?

Gogo wa Zingwe

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama. Choyamba pemphani mnzanuyo kuti zidazo zipite kwa rigger (katswiri wokonza ndi kupinda maparachuti) wovomerezeka, azitsegule zonse, atulutse rizevu, ayang'ane ulusi uliwonse wa pamalamba ndi zitsulo zake. Zaka pazokha sizipha chikwama. Chimene chimachipha ndi dzuwa, thukuta, mchenga, chinyezi ndi malo amene chinasungidwa. Ndinaonapo chikwama chakale chomwe chinagona m'kabati mouma chili bwinobwino, ndinaonanso chatsopano chomwe lamba wake anatuwa ndi kuuma chifukwa mwini wake ankachisiya padzuwa tsiku lonse podikira ndege.

Za CYPRES imeneyo musataye nthawi. Mtundu woyambawo unapatsidwa zaka 12 ndi miyezi itatu, kutanthauza kuti yanuyo inatha ntchito cha mu 2011, ndipo palibe rigger woona mtima amene angaibwezeretse m'chikwama. Kachipangizoka kamayeza kutalika ndi liwiro, ndipo kakaona kuti mwafika pa mamita pafupifupi 225 mukugwabe mopitirira mamita 35 pa sekondi, kamadula kachingwe kotseka rizevu. Ndiye kakuimirirani tsiku limene mwakomoka kapena mwasokonezeka mutu. CYPRES 2 yopangidwa kuyambira 2017 imakhala zaka 15 ndi theka, pamene Vigil, AAD ina ya ku Belgium, imakhala zaka 20. Ubwino wake ndi woti ndalama yogulira kachipangizo katsopano siitayika, chifukwa mukadzagula chikwama china mudzangokasamutsa.

Chachiwiri ndi kathumba ka pilot chute. Ikakhala pamwendo, chingwe chake chimayenda panja chitamatidwa ndi Velcro, ndipo Velcro yotopa ikachisiya, mphepo imatha kuchikoka n'kutsegula chikwama nthawi isanakwane, mwina muli pakhomo pa ndege. Lamba wa mwendo akapindika povala, pilot chute imathanso kukanika kutulutsa parachuti. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense lero amaiika pansi pa chikwama, m'kathumba kotamuka kotchedwa BOC. Kusintha kumeneku n'kofala ndipo sikudula kwambiri. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musapite nazo kwa telala wamba, ngakhale waluso bwanji. Malamba, chikwama cha rizevu ndi rizevu yomwe zinayesedwa ndi kuvomerezedwa monga mmene zinatulukira kufakitale, choncho kusintha kulikonse kumafuna rigger wa udindo woyenera, akutsata malangizo a kampani imene inazipanga.

Nachisale wa ku Leeds

Zonse zimene agogo anena n'zoona, koma ine ndikuopa kuti mwina mukukopeka ndi mtengo wapoyamba. Tengani pepala mulembe AAD yatsopano, BOC, pilot chute ndi chingwe chake, ma riser, Velcro yonse, kuyeza ndi kupindanso rizevu, kenako muyerekeze ndi mtengo wa chikwama chogwiritsidwapo kale cha zaka khumi zapitazi. Ine ndinayenda njira imeneyi nditangoyamba kuno ku Britain. Ndinakonzetsa chikwama chakale pang'onopang'ono, ndipo pamene anzanga anayamba kuphunzira kugwa atakhala tsonga ndi chamutu pansi, mlangizi anachiyang'ana, anatukula chovindikira cha pini yotseka chikwama ndi chala, nandiuza mwaulemu kuti ndi chimenechi ndizigwa chafufumimba basi. Ananena zoona, pakuti pa kagwedwe kameneko liwiro limakwera ndipo mphepo imamenya chikwama mbali zimene osoka a nthawi imeneyo sankaziganizira kwenikweni. Parachuti ikatseguka yokha pa liwiro lotero imatha kuvulaza munthu koopsa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndalama siingakonze mosavuta. China ndi kukula kwa malamba, chifukwa anasokedwa poyeza thupi la mnzanuyo osati lanu. Muvale, mumange bwino, muwerame, ndipo wina ayese kukuvulani chikwamacho m'mapewa. Chikatsetsereka, nkhani yathera pomwepo. China ndi kukula kwa rizevu. Simunatiuze kuti ndi yaikulu bwanji, koma iyenera kukwanira kulemera kwanu pamodzi ndi zida, poganizira kuti mwina mudzatera nayo muli ovulala, komanso kuti kumene mukudumphako n'kokwera, mpweya ndi wopepuka ndipo munthu amatera mothamanga kuposa kunyanja. Mufunsenso ngati chikwamacho chili ndi RSL, kalamba kamene kamasolola pini ya rizevu mukangotaya parachuti yaikulu. Zikwama zambiri zakale zimalola kuikapo RSL, koma Skyhook, mtundu wa RSL umene umagwiritsa ntchito parachuti yotayidwayo kukoka rizevu, siiikidwa pa chikwama chilichonse ayi.

Gogo wa Zingwe

Mayi Nachisale akhudza mfundo yeniyeni pa za malamba, ndipo sinditsutsa. Ndingowonjezera za nsalu. Ngati rizevuyo ili ya kampani ya Performance Designs, pachizindikiro chake pali timabokosi tomwe rigger amachonga, ndipo ikapindidwa ka 40 kapena kutsegulidwa m'mwamba ka 25 imayenera kubwerera kufakitale kukayezedwa. Nsalu ya F-111 ya parachuti yaikulu imayamba kudutsa mpweya ikamakalamba, ndiye mukakoka mabuleki potera siikunyamulani monga kale, ndipo mawondo ndi amene amalipira. Kuiika zingwe zatsopano sikubweza mphamvu ya nsalu, choncho ndalama yabwino ndi yogulira ina yogwiritsidwapo kale ya ZP, nsalu yosadutsa mpweya. Pamenepa samalani, chifukwa ZP imatenga malo ambiri ikapindidwa, ndipo anthu ena amagula parachuti yaing'ono kuposa luso lawo pofuna kuti ikwane m'chikwama. Pa maulendo 60 musachite zimenezo. Ma riser gulani atsopano, okhala ndi timapaipi tolimba momwe nsonga za mawaya achikasu otayira parachuti yaikulu zimalowa, kuti zingwe zikapotana muthe kusolola chogwirira popanda kulimbana nacho.

Wa ku Joni

Zikomo kwambiri agogo ndi mayi Nachisale. Loweruka ndinapita nazo kwa rigger, ndipo tinayala rizevu pansi tonse awiri. Ndi ya masikweya fiti 193, nsalu yake wati ili bwino, ndipo malamba akundikwana, kupatula lamba wa mwendo wakumanzere amene akutsetsereka pachitsulo akakokedwa mwamphamvu. Parachuti yaikulu anaiika pakamwa n'kupuma, mpweya unadutsa mosavuta, ndipo tagwirizana kuti imeneyo sindigula. Iye walembera kampani imene inasoka chikwamacho kufunsa za BOC, RSL ndi lamba uja, ndipo mnzanga wavomera kudikira yankho. Pakadali pano ndaitanitsa AAD yatsopano ndipo ndipitiriza kubwereka zida. Kodi pali amene akudziwa ngati ZP ya masikweya fiti 190 ingakwane m'chikwama chomwe chinasokedwera F-111 ya 210, kapena nalonso ndiliwonjezere m'kalata ya kukampani?