Achemwali anga tinawaika mu Julayi, koma ine ndikuopabe kukayezetsa khomo la chiberekero

Make Tadala:

Amayi anzanga, ndi nonse odziwa za chipatala, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi zaka 37, ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lunzu. Mu Julayi tinaika m'manda achemwali anga aakulu, amene anandilera amayi athu atatisiya. Iwowa anali atasiya kusamba zaka zinayi zapitazo, kenako magazi anayambiranso. Sanauze munthu. Ankangong'amba zitenje zakale, kuchapa usiku n'kuyanika kuseri kwa bafa kuti ana asaone. Ife tinadziwira fungo. Ndiye m'malo mothamangira kuchipatala tinayamba tazungulira nawo kwa asing'anga, poti pamudzi panamveka zoti wina wawatchera chifukwa cha munda. Mbuzi ziwiri zinapita. Pamene tinkafika nawo ku Queens, adokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yafalikira kale, chotsala n'kuchepetsa ululu basi.

Miyezi itatu yomaliza ndinkawasambitsa ndine. Munthu amene ankasenza thumba la chimanga yekha, ndinkamunyamula ngati mwana.

Chiikireni maliro tulo sindikutiona bwino. Kodi matendawa ndi akumtundu, moti nanenso andipeza? Palibe pamene pakundipweteka, nanga ndikayezetse chiyani? Anzanga pamsika amati chitsulo chimene amalowetsa chija chimapweteka kwambiri, ena amati akakupeza ndi vuto amachotseratu chiberekero. China n'chakuti Tadala wakwanitsa zaka 9 ndipo kusukulu anawauza za katemera wa atsikana, koma bambo ake akaniratu, akuti ndi njira yolera yobisa, mwana sadzabereka. Ndatha nzeru.

NaBanda wa ku Mponela:

Pepani kwambiri Make Tadala, Mulungu akutonthozeni. Ine ndiyankha za chitsulo zokha, poti ndinagonapo pabedi limenelo.

Sindinapitire zimenezo ayi. Ndinapita ndi mwana kusikelo, anamwino potsegula buku langa lakuchipatala anandifunsa ngati ndinaunikitsapo. Ndinafuna kuthawa, koma mnzanga amene tinali naye pamzere anandigwira dzanja. M'chipindamo munali anamwino aakazi, chitseko chotseka. Unagona chagada, chitenje chako chili pamimba. Chitsulocho chimaoneka ngati mlomo wa bakha, ntchito yake n'kutsegula njira kuti aone mkati. Chimazizira, ndipo manyazi amakugwira, sindinama. Koma kupweteka kumene amanena pamsikako ine sindinakumve. Mayi amene anabereka ana atatu sangaope zimenezi. Ukamasula thupi n'kumapuma bwinobwino chimalowa mosavuta. Kenako amapaka viniga ndi thonje pakhomo pa chiberekero, kudikira mphindi imodzi, n'kuunika ndi tochi.

Ine anandipeza ndi kamalo koyera. Mtima unagunda, ndinayamba kuganiza za ana anga. Anamwino anandikhazika pansi n'kunena kuti si khansa, koma ndi pamene ikanadzamera ndikanapanda kubwera. Tsiku lomwelo anapawotcha ndi kachipangizo kotentha, kanthawi kochepa kwambiri. Ndinamva kupotokola m'mimba ngati ndili kumwezi. Kunyumba ndinabwerera pakabaza, madzulo nsima ndinaphika ndekha.

Chovuta chinali kunyumba. Kwa masabata angapo kunkatuluka madzimadzi, ndipo anandiuza kuti mwezi wathunthu tisakhale malo amodzi ndi abambo kuti bala lipole. Abambo anayamba kuda nkhope, amvekere ndikuwabisira zinazake. Ndinawatenga kupita nawo kwa anamwino omwewo kuti akamve okha. Chitatha chaka ndinabwererako, anapeza kuti pali bwinobwino. Chiberekero changa chilipo, ndipo nditawotchedwa kale ndinabereka mwana wina wamwamuna, pano akuyenda.

Namwino wapamudzi:

Make Tadala, pepani ndi zovutazi. Ndagwira ntchito m'chipinda chounikira amayi zaka zingapo, ndipo nkhani ya achemwali anu ndaiona kambirimbiri, mpaka zitenje zoyanika kuseri kwa bafazo.

Khansa imeneyi simutengera kwa makolo kapena achibale, komanso si yolodzedwa. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. N'kofala kwambiri moti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatengapo pamoyo wawo osadziwa, ngakhale mayi amene anadziwa mwamuna mmodzi yekha. Choncho pasapezeke wonyoza malemu. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo pa chiberekero mwakachetechete, ndipo pamatha kudutsa zaka 15 mpaka 20 isanasanduke khansa. Zaka zonsezo mayi samva kalikonse, akulima, akugulitsa, akubereka. Mwafunsa kuti mukayezetse chiyani poti palibe pakupweteka. Mayi anga, nthawi yake ndi imeneyi. Viniga uja amationetsa malo amene ayamba kusintha khansa isanabwere, ndipo amenewo timathana nawo tsiku lomwelo monga afotokozera a NaBanda. Kuchotsa chiberekero kumachitika kwa ena amene khansa yawayamba kale, ndipo madokotala amayamba akambirana nawo. Pounika sitichotsa kanthu.

Boma limalimbikitsa amayi a zaka 25 mpaka 49 kuti aziunikitsa, ndipo m'zipatala za boma ndi ulele. Sankhani tsiku limene simuli kumwezi. Akakupezani muli bwino adzakulemberani m'buku chaka chodzabweranso, musadzati ndinayezetsa kale basi. Amene muli ndi HIV ndikupempheni mwapadera: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chanu n'chochuluka kasanu n'kamodzi kuposa cha anzanu, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika matendawa amafulumira, zaka 5 mpaka 10. Tsiku lokatenga ma ARV funsani za kuunika, musadikire kuti akuuzeni.

Za katemera. M'dziko muno anayamba kumuyesa mu 2013 m'maboma a Rumphi ndi Zomba, ndipo mu 2019 anafika dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amateteza ku mitundu ya HPV imene imayambitsa khansayi kwambiri, makamaka 16 ndi 18, imene payokha imabweretsa pafupifupi 7 mwa khansa 10 zilizonse za khomo la chiberekero. Amabaya ana aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mtsikana asanakumane ndi kachilomboko, ndiye kuti asanadziwe mwamuna. Mulibe mankhwala olera mmenemo. Atsikana a m'mayiko ambiri akhala akubayitsa kuyambira 2006 ndipo akubereka.

Kwa aliyense akuwerenga: magazi otuluka mutakhala malo amodzi ndi abambo, magazi apakati pa mwezi, magazi obwera mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosamva mankhwala, musachapire usiku. Bwerani sabata yomweyo.

Bambo a Chisomo:

Ndilowererepo ngati bambo, mundikhululukire. Nanenso ndinakaniza mwana wanga, nditamva zomwezo za kulera pabawo. Chinandisintha n'chakuti mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anabwera pakhomo, tinakhala pakhonde, n'kundiuza kuti mwana wake weniweni anabayitsa. Anandiuzanso mosabisa kuti kachilomboka ifenso amuna timakanyamula osadwala n'kukapereka kwa akazi athu. Zinandilasa mtima. Mayi, musakangane nawo amuna anu usiku m'nyumba. Pemphani mlangizi kapena atsibweni a mwanayo alankhule nawo. Amuna anuwonso anali pamaliro a alamu awo, anaona ndi maso.

Gogo NaJere:

Mwana wanga, ukapita kumeneko uwauze akuonenso mawere. Ine ndinapeza kachotupa kolimba ngati njere ya nzama kubere lamanzere ndikusamba, kosapweteka n'komwe. Mng'ono wanga anati ndi mkaka wakale unagwirana, ndizingothowa ndi madzi otentha. Mwana wanga wamkazi anandikakamiza kupita kuchipatala, ndipo atadula kanyama kukayeza anapeza khansa ikadali yaing'ono. Bere anachotsa, mankhwala ndinalandira ku Central ku Lilongwe, tsitsi linathothoka n'kumeranso. Lero ndikulera zidzukulu. Mwezi uliwonse ukamaliza kusamba uzidzigwiragwira ndi zala zitatu, bere lonse mpaka m'khwapa. Chotupa, nsonga yolowa mkati, magazi otuluka kunsonga, khungu lokhala ngati khoko la lalanje, zonsezo n'zothamangira nazo. Si chotupa chilichonse chimene chili khansa, koma wodziwa ndi dokotala.

Make Tadala:

Zikomo nonse, ndawerenga misozi ikutsika. A NaBanda, mwandimasula. Lachiwiri ndisiyira mnzanga benchi, ndipo mwana wamkulu wa malemu achemwali, amene ali ndi zaka 28, wavomera kuti tipitire limodzi. Za Tadala ndatuma uthenga kwa atsibweni ake kuti abwere Loweruka. Anamwino, ndifunsenso: ngati tsiku lobaya kusukulu litadutsa bambo ake asanavomere, ndingathe kupita naye ndekha kuchipatala?

Namwino wapamudzi:

Mungathe mayi. Pitani naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mukafunse mbali ya katemera, kumene kumachitikira sikelo. Musaiwale buku lake.